Musamathirire zomera za m'nyumba tsiku lililonse

Zomera zambiri zimene timasunga m'nyumba, monga monstera, pothos ndi philodendron, kwawo ndi m'nkhalango za kumadera otentha, kumene zimamera mumthunzi wa mitengo ikuluikulu. Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ayi ndithu. M'nkhalangomo madzi a mvula amalowa pansi msanga kudzera m'masamba owola, ndipo mizu imapeza mpweya. Koma mumphika madzi akakhazikika, mizu imabanika n'kuyamba kuwola. Masamba amasanduka achikasu n'kufota, ndipo mwiniwake poona kufotako amawonjezeranso madzi. Apa ndiye chomera chimatheratu.

Musanathirire, pisani chala m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, dikirani kaye. Ngati mwauma, thirirani mokwanira mpaka madzi atulukire kunsi, kenako tayani amene adikha m'mbale. Mphika wopanda mabowo kunsi, ngakhale ukongole bwanji, musaudalire. Dothi lisakanizeni ndi mchenga wokhakhala kapena tizidutswa ta makungwa kuti lisagwirane ngati dongo.

Ziikeni pafupi ndi zenera, koma dzuwa la masana lisamawombe masamba, chifukwa limawawotcha n'kusiya zipsera zofiirira. Panja, pansi pa mtengo ndiye pabwino. Kukazizira mpaka pansi pa madigiri 10, zilowetseni m'nyumba. Masamba akuluakulu a monstera aja, ine ndimakonda kuwapukuta ndi kansalu konyowa, chifukwa fumbi likachuluka limatchinga kuwala.