Magetsi a Rivesi Akasiya Kuyaka pa Lole Yakale: Mmene Mungapezere Pamene Pali Vuto

Eni malole ambiri kuno ku Mzuzu amazindikira kuti magetsi a rivesi sakuyaka pa tsiku lokayezetsa galimoto kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ili bwino kuyenda pamsewu, chifukwa woyendetsa akakhala pampando wake saona zimene zikuchitika kumbuyo. Komatu magetsi oyerawa ali ndi ntchito ziwiri zofunika: amaunikira woyendetsa akamabwerera m'mbuyo usiku, ndiponso amachenjeza munthu amene ali kumbuyo kuti galimoto ikubwera kwa iye. Aliyense amene anaonapo lole yodzaza matabwa ikubwerera m'mbuyo ku Luwinga m'mamawa kuli chifunga, akabaza ndi ana asukulu akudutsa chapafupi, akudziwa kuti nkhaniyi ndi ya moyo wa anthu.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti musathamangire kudula mawaya kapena kugula zipangizo musanadziwe pamene mphamvu ya magetsi yaimira. Njira yake ndi yaifupi. Mphamvu imachoka ku batire, imadutsa pa swichi ya kiyi, kenako pa fyuzi, n'kufika pa swichi yaing'ono yomangidwa pa giyabokosi, imene imalumikiza mawaya awiri giya ya rivesi ikalowa. Kuchoka apo imayenda ndi waya wautali wotsata chasisi mpaka ku babu, ndipo imabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto, chimene amakaniko amati earth. Vuto liri pena pake panjira imeneyi, ndipo amene waitsata mwadongosolo amalipeza.

Musanayambe, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, kokani handibuleki, ndipo muike miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Zimitsani injini, tembenuzani kiyi mpaka timagetsi tapatsogolo pa woyendetsa titayaka, kenako lowetsani giya ya rivesi. Musalowe pansi pa galimoto kapena kuima kumbuyo kwake injini ikulira, ngakhale amene wakhala pampando akhale munthu amene mumamudalira chotani, chifukwa phazi limaterereka pa klachi.

Yambani ndi mababu. Ngati nyali imodzi ikuyaka koma inzake ayi, fyuzi ndi swichi zili bwino, ndipo vuto liri pa nyali yomweyo. Ngati zonse ziwiri zazima, musafulumire kunena kuti mababu alibe mlandu, chifukwa pa galimoto yakale babu limodzi likhoza kukhala kuti linapsa chaka chatha popanda wozindikira, ndipo lachiwiri langotsatira kumene. Masulani galasi, kankhirani babu m'kati pang'ono, lipotozeni n'kulitulutsa, kenako yang'anani ngati kawaya ka m'kati kaduka kapena galasi lake lada. Mababu ambiri a rivesi pa magalimoto akale ndi a 21W, koma onetsetsani manambala olembedwa pachitsulo chake. Mapikiapu monga Toyota Hilux amagwiritsa ntchito 12V, pamene malole ambiri a dizilo monga Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf, okhala ndi mabatire awiri olumikizidwa motsatizana, amagwiritsa ntchito 24V. Babu la 12V likaikidwa pa 24V limapsa posakhalitsa, ndipo la 24V likaikidwa pa 12V limangofiira osaunikira kanthu.

Pamene mwachotsa babu, yang'anitsitsani m'kachitsulo momwe limakhalamo. Kuno mvula imagwa yambiri, chinyezi sichichoka msanga, ndipo galasi la nyali likang'aluka ngakhale pang'ono madzi amalowa n'kukhazikika m'kati. Nthawi zambiri mudzapeza dzimbiri lofiirira m'mbali mwake ndi zinthu zobiriwira ngati ndere pa kamkuwa kapansi. Palani ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, kokerani kamkuwako m'mwamba pang'ono ngati kaphwatalala, koma muchite zimenezi kiyi itazimitsidwa.

Chotsatira ndi fyuzi. Pa magalimoto ambiri akale magetsi a rivesi alibe fyuzi yawoyawo, amagawana ndi zinthu zina monga mageji kapena maindiketa, choncho ngati zimenezinso zafa, mwayandikira yankho. Ngati fyuziyo yapsa, ikani ina ya nambala yofanana ndi imene mwachotsa, kawirikawiri 10A kapena 15A. Mababu awiri a 21W pa 12V amakoka mphamvu yokwana 3.5A yokha, kotero fyuzi ya 10A siipsa popanda chifukwa. Ikapsanso mutangolowetsa rivesi, dziwani kuti pali waya wosupuka umene ukukhudza chitsulo pakati pa giyabokosi ndi nyali, kapena wina anawonjezerapo nyali zazikulu zimene wayawo sungazikwanitse. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse: musamange fyuzi yopsa ndi waya wamkuwa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Mukatero, chimene chidzapse ndi mtolo wonse wa mawaya, mwinanso galimoto yomwe pamodzi ndi katundu wake.

Mababu ndi fyuzi zikakhala bwino, pitani ku swichi ya pa giyabokosi, imene pa malole akale imakhala ndi mlandu nthawi zambiri. Imaoneka ngati bawuti yonenepa yokhala ndi mawaya awiri, yomangidwa m'mbali kapena pamwamba pa giyabokosi, ndipo kawirikawiri imakhala yokutidwa ndi matope osakanikirana ndi oyilo. Samalani kuti musaisokoneze ndi swichi ya nyutulo, imene pa magalimoto ena imafanana nayo kwambiri. Pukutani bwino, zulani pulagi yake, ndipo yesani ndi tesitala, kanyali koyesera kaja kokhala ndi chopanira ndi nsonga yakuthwa. Panirani chopaniracho pa chitsulo choyera cha chasisi, kenako khudzani nsonga pa waya uliwonse wa pulagi yochokera ku galimoto. Kiyi ikakhala yotsegula, waya umodzi uyenera kuyatsa tesitala. Ngati palibe umene ukuyatsa, mphamvu ikuthera pakati pa fyuzi ndi pulagiyo. Ngati umodzi wayatsa, lumikizani mabowo awiri a pulagi ndi kachidutswa ka waya, ndipo mnzanu ayang'ane kumbuyo. Nyali zikayaka, mawaya onse ali bwino ndipo swichi ndiyo yafa.

Chizindikiro china cha swichi yotha ndi chakuti magetsi amayaka pokhapokha mukakanikiza ndodo ya giya mwamphamvu, ndipo mukaisiya amazima. Izi zimachitika chifukwa kamutu ka swichi kamene kamakankhidwa ndi chitsulo cha m'kati mwa giyabokosi kaperepeseka. Pogula yatsopano, nyamulani yakaleyo kuti mukafananitse mazinga ndi kutalika kwa kamutuko, popeza swichi zooneka zofanana zimasiyana pang'ono, ndipo yaifupi siigwira ntchito. Bwezeraninso washa wake, musamange mopitirira muyezo, ndipo ngati oyilo wina watayika pomasula, onjezerani. Ena amangoika swichi ya pamanja pafupi ndi chiwongolero. Sindikulimbikitsa zimenezi, chifukwa tsiku lina woyendetsa adzaiwala kuzimitsa, n'kumatsika msewu wa ku Nkhata Bay usiku magetsi oyera akuthobwa m'maso woyendetsa amene akumutsatira.

Ngati mwalumikiza mabowo aja koma nyali sizinayake, siyani kachidutswa ka waya kali pomwepo, mupite ndi tesitala ku nyali. Mphamvu ikapezeka pa kamkuwa ka babu koma babu labwino osayaka, vuto ndi earth. Mudzazindikiranso earth yoipa poona kuti nyali zina zakumbuyo zikuyaka mozimirira pamene mwalowetsa rivesi. Masulani bawuti imene waya wa earth wamangidwapo, palani dzimbiri ndi penti, mangani mwamphamvu ndi kupakapo girisi pang'ono. Pa malole amene bodi yake inasinthidwa kapena kuwotcheredwa kangapo, ndi bwino kukoka waya watsopano wa earth kuchoka ku nyali kukafika pa chasisi penipeni.

Mphamvu ikapanda kufika n'komwe ku nyali, tsatani waya ndi dzanja kuchoka ku giyabokosi, makamaka pamene wadutsa pafupi ndi ekizozi, pamene ukukhuzana ndi ngodya ya chitsulo, ndi paliponse pamene pali tepi yakale. Malole onyamula chimanga amakopa makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya. Mukapeza poduka, dulani mpaka pamene mkuwa ukuwala, lumikizani ndi soda (mtovu wosungunula wolumikizira mawaya) m'malo mongopotokola, kutani bwino kuti madzi asalowe, ndipo mangirirani wayawo ku chasisi kuti usalendewere. Pomaliza chotsani kachidutswa ka waya kaja, bwezerani pulagi pa swichi, ndipo yesani kulowetsa ndi kutulutsa rivesi kangapo mnzanu akuona kuti nyali zikuyaka ndi kuzima pa nthawi yake.