Kuwerenga njinga za pa siteshoni ndi curl ndi jq

Kuno ku Mzuzu ukafuna njinga umangoimitsa wakabaza pa Katoto, kukambirana mtengo, basi. Ku New York kuli njinga zobwereka za Citi Bike, zomwe zinayamba mu 2013: munthu amatenga njinga pa siteshoni ina n'kukaisiya pa ina. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa kompyuta ndimawayambitsa JSON, yomwe ndi njira yolembera data m'fayilo, pa njinga zimenezi, chifukwa manambala ake ndi enieni, amasinthasintha tsiku lonse, ndipo kuwaona sikulira akaunti.

Makampani ambiri a njinga amatsatira dongosolo limodzi lofalitsira manambala amenewa, lotchedwa GBFS, lomwe linatuluka mu 2015. Ukadziwa la mzinda umodzi, ena savuta.

Ikani curl, pulogalamu yotsitsira mafayilo pa intaneti, ndi jq, yosefera zomwe zili m'fayilo ya JSON. Pa Ubuntu lembani sudo apt install curl jq. Opanda laputopu asadandaule, pulogalamu yolemberamo malamulo ya Termux pa foni ya Android imakwanira: pkg install curl jq.

Kenako tengani mafayilo awiri:

curl -sL --compressed https://gbfs.citibikenyc.com/gbfs/en/station_information.json -o mayina.json

curl -sL --compressed https://gbfs.citibikenyc.com/gbfs/en/station_status.json -o njinga.json

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Fayilo ya njinga ilibe mayina a masiteshoni, ili ndi station_id yokha, chizindikiro cha siteshoni iliyonse. Mayina ali m'fayilo inayo. Choncho yambani ndi kufufuza dzina:

jq -r '.data.stations[] | select(.name | test("Broadway")) | "\(.station_id) \(.name)"' mayina.json

Sankhani siteshoni imodzi, muike station_id yake pomwe ndalemba APA:

jq '.data.stations[] | select(.station_id=="APA") | {num_bikes_available, num_docks_available, last_reported}' njinga.json

Nambala yoyamba ndi njinga zomwe zilipo, yachiwiri ndi malo opanda kanthu oimikapo. Yachiwiriyi musaipeputse: wobwera ndi njinga akapeza podzaza, amapalasabe mpaka siteshoni ina. Yachitatu ndi nthawi yomwe siteshoni inatumiza uthenga komaliza, yowerengedwa m'masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970. Lembani date -d @ n'kugundiza nambalayo kuti muone ola lake. Ngati ndi ya dzana, manambala enawo musawakhulupirire.

Chonde, samalani bando. Mayina a masiteshoni sasintha pafupipafupi, ndiye mayina.json tengani kamodzi n'kusunga; yobwereza ndi njinga.json yokha. Komanso --compressed musaichotse, imachepetsa data yomwe mukutsitsa.

Yesani cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana. Ku New York kumakhala kuli m'mawa, anthu akuthamangira kuntchito, ndipo mukatenganso fayiloyo pakapita mphindi 10 mupeza manambala atasuntha.