Katemera wa chitopa: anapiye asadikire ulendo wotsatira

Katemera wa chitopa wa nkhuku zakumudzi amaperekedwa katatu pachaka, mu Malichi, Julaye ndi Novembala. Pakati pa ulendo umodzi ndi unzake pamadutsa miyezi inayi, pamene thadzi limafungatira mazira masiku 21 okha. Choncho mwanapiye amene waswedwa mu Ogasiti, otemera atadutsa kale, akhoza kufika Novembala asanalandire kanthu, ndipo miyezi yotentha ndi yafumbi imeneyi ndi imene chitopa chimakonda kusesa makola. Alimi ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene amati "tinatemera koma zinafabe" akawerenga bwino amapeza kuti zimene zinayamba kugwa ndi anapiye ndi misoti yobadwa katemera atapita.

Chitopa, chimene ena amati chideru, chimayamba ndi kachilombo ka vayirasi. Kamatuluka m'zitosi, m'mamina ndi mu mpweya wa nkhuku yodwala, ndipo kamayenda pa nsapato, pa dengu la wogula nkhuku, pa njinga, ngakhale m'nthenga ndi matumbo amene galu wakokera kuseri kwa nyumba ya mnansi. Nkhuku ikatenga kachilomboka imatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi zina mpaka masabata awiri, ikuoneka yabwinobwino. Kenako imayamba kuwodzera, mapiko amagwa ngati yavala jekete, imapuma mobanika itayasamula kukamwa, zitosi zimakhala zamadzi zobiriwira, ndipo ina imapindika khosi n'kumazungulira pamalo amodzi. Pakhola losatemera zikhoza kutha zonse m'masiku ochepa. Abakha, nkhanga ndi nkhunda zimatha kunyamula kachilomboka, abakha makamaka osaonetsa kudwala kulikonse.

Mankhwala ochiza chitopa palibe. Makapisozi amene anthu amasungunulira m'madzi amalimbana ndi mabakiteriya, vayirasi samukhudza. Tsabola ndi alovera nazonso sizichiza. Nkhuku imodzi kapena ziwiri zimene zapulumuka zikanapulumuka ndithu popanda zimenezo.

Mwanapiye amabadwa ndi chitetezo chochepa chimene amatenga kwa make kudzera mu yolki ya dzira, ngati makeyo anatemeredwa. Chitetezo chimenechi chimapita chikuchepa ndipo pofika masabata atatu chimakhala chitatsala pang'ono kutheratu. Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira pamodzi. Choyamba, katemera wa I-2, amene ndi wa chitopa wodonthezera m'diso, saopsa kwa mwanapiye ngakhale wa tsiku limodzi, ndiye tsiku lotemera likafika palibe wosiyidwa chifukwa cha kuchepa. Mlingo ndi umodzi, dontho limodzi, kaya ndi tambala wamkulu kaya mwanapiye wa dzulo. Chachiwiri, chitetezo chochokera kwa make chija chimatha kufoola katemera woyamba akaperekedwa m'masiku oyambirira, n'chifukwa chake mwanapiye amene watemeredwa ali wakhanda ndi bwino kumubwereza patapita masabata atatu kapena anayi. Akatero amalowa m'ndondomeko ya zinzake ya miyezi inayi iliyonse.

Botolo limodzi limakhala ndi madontho a nkhuku mazana angapo (chiwerengero chenicheni chimalembedwa pabotolopo), ndiye banja limodzi silingagule botolo chifukwa cha anapiye khumi ndi awiri. Njira yake ndi kugwirizana pamudzi kapena pakalabu. Wotemera alembe mabanja amene mathadzi awo akufungatira, asonkhanitse ndalama, n'kuuza alangizi a ziweto ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu) kuti pakufunika botolo lina pakati pa Julaye ndi Novembala, cha m'Sepitembala. Ulendo wapakatiwu ndi wa anapiye ndi nkhuku zonse zobwera kumene.

Kunyamula katemera

Katemera wa I-2 amapangidwa m'dziko mwathu momwemuno, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Muli kachilombo ka chitopa kamoyo koma kosadwalitsa, ndipo ntchito yonse ya wotemera ndi kukafikitsa m'diso la nkhuku kasanafe. Amati katemerayu amapirira kutentha, ndipo n'zoona poyerekeza ndi anzake, koma mawuwa asokoneza anthu ambiri. Kupirira sikutanthauza kuti angagone m'thumba la malaya kapena pawindo. Malo ake ndi m'firiji, pa madigiri 2 mpaka 8, osati m'chipinda choumitsira ayezi, ndiponso osati pachitseko pamene kuzizira kumasinthasintha. Musanalipire onani tsiku lothera ntchito, ndipo funsani ngati firijiyo yakhala ikugwira ntchito magetsi atazima.

Ngati mulibe kabokosi kozizira, kulungani botolo m'kansalu ka thonje konyowa, muliike m'kadengu koluka kolowa mphepo, n'kuvundikira kuti dzuwa lisaliombe. Madzi akamauma pansalupo ndi pamene botolo limazizira, choncho kansaluko kazinyowetsedwa pafupipafupi, ndipo kuika zonsezi m'jumbo yomanga ndi kuwononga. Wotemera wa kumapiri a ku Bembeke kapena ku Tsangano mu Julaye nyengo imamuthandiza. Wa kuchigwa, ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Bwanje, mu Novembala alibe mwayi umenewo: ayambe mbandakucha, dzuwa likakwera aime, apitirize madzulo. Botolo likatsegulidwa limalizidwe tsiku lomwelo kapena mawa lake, motsatira zolembedwa pabotolo ndi malangizo a alangizi. Lotsala lisasungidwe kudikira mwezi wamawa.

Tsiku lotemera

Eni nkhuku auzidwe dzulo lake kuti asatsegule makola m'mawa. Kuthamangitsa nkhuku pabwalo kumatha nthawi, kumatopetsa nkhuku, ndipo nthawi zonse pamakhala ina yothawira kumunda. Zogona m'mitengo zigwidwe usiku n'kuvundikiridwa m'dengu.

Ntchito ichitikire pamthunzi, anthu awiri. Mwini nkhuku agwire, wotemera adonthezere. Izi zili ndi chifukwa: wotemera amene akugwira nkhuku za nyumba iliyonse ndi manja ake akhoza kukhala iye wonyamula chitopa kuchoka khola lina kupita lina. Yambani mwagwira thadzi, apo ayi likujomphani pamene mukutola ana ake. Mwanapiye mumugoneke m'dzanja cham'mbali, mutu pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, osafinya chifuwa, diso limodzi liyang'ane kumwamba. Botolo liime chilili, kukamwa kwake kuloze pansi, chifukwa mukalipendeketsa dontho limatuluka lalikulu kapena laling'ono mosiyana ndi mlingo wake. Finyani pang'ono, dontho limodzi ligwere m'diso, kukamwa kwa botolo kusakhudze disolo.

Pamene anthu ambiri amalakwa ndi apa: amamasula mwanapiye dontho likadali pamwamba pa diso, iye n'kupukusa mutu, katemera n'kugwera pansi. Dikirani aphethire mpaka dontho lilowe. Kawirikawiri mumamuona akumeza, chifukwa madzi a m'diso amatsikira kumphuno ndi kukhosi. Likagwera pambali, donthezaninso. Amene watemeredwa aikidwe m'dengu lina kuti asasakanikirane ndi osatemera, ndipo m'nyengo yachisanu anapiye abwezedwe kwa make msanga asanazizidwe. Wotemera alembe m'kaundula dzina la banja, chiwerengero cha nkhuku zazikulu, cha anapiye ndi tsiku, asambe m'manja ndi sopo, ndipo asadzikhudze m'maso, poti katemerayu amatha kufiiritsa maso a munthu kwa masiku angapo. Nyama ndi mazira a nkhuku yotemeredwa ndi I-2 zimadyedwa popanda kudikira.

Nkhuku yodwala isatemeredwe. Pamudzi pamene nkhuku zayamba kale kufa, wotemera asalowe ndi botolo, akauze alangizi. Chitetezo chimayamba kukhwima patatha sabata imodzi kapena awiri, ndiye nkhuku imene inatenga kale kachilombo idzafa ndithu, ndipo anthu adzati yaphedwa ndi katemera. Mbiri yoteroyo ikamveka pamudzi, ulendo wotsatira mabanja amakana kutsekera nkhuku zawo. Kufa kwa nkhuku zambiri mwadzidzidzi kumafunika kunenedwa pa chifukwa chinanso: chimfine cha mbalame chimaoneka mofanana ndi chitopa, ndipo chimasiyanitsidwa ku labotale kokha.

Anapiye ogula a nyama ndi a mazira

Amene amaweta mabuloyila kapena nkhuku zamazira m'matauni ngati pa Dedza boma, pa Ntcheu kapena pa Lizulu nthawi zambiri amagwiritsa ntchito katemera wa LaSota kapena Hitchner B1 wothira m'madzi akumwa. Masiku ake atsatire khadi limene wogulitsa anapiye wakupatsani, ndipo mufunse ngati analandira kale katemera kumene anaswedwera. Katemera ameneyu sapirira kutentha, amayenda ndi ayezi kuchokera kusitolo mpaka kukhola.

Mdani wake wamkulu ndi klorini. Madzi a pampopi ndi madzi othiridwa WaterGuard amapha katemera m'kanthawi kochepa, mlimi osadziwa kanthu poti anapiye amwa ndithu. Tungani madzi oyera a pamjigo, ozizira, m'chidebe cha pulasitiki, osati chachitsulo, ndipo zomwera zitsukidwe ndi madzi okha popanda sopo kapena mankhwala. Mkaka waufa wopanda mafuta, magalamu 2 pa lita iliyonse, umathandiza kuti kachilombo ka katemera kakhalitse. Chotsani madzi m'khola kwa ola limodzi kapena awiri kuti anapiye amve ludzu. Botolo litsegulireni m'kati mwa madzimo, mutakase, n'kugawa m'zomwera zambiri kuti ofooka nawonso apeze malo. Madziwo akhale okwanira kutha m'maola osapitirira awiri. Anapiye 100 a masabata awiri amafuna pafupifupi lita imodzi ndi theka kapena awiri. Mabotolo amenewa kawirikawiri amakhala a nkhuku 1,000, ndipo akasungunulidwa sasungika, ndiye alimi oyandikana agwirizane tsiku limodzi. Anapiye akakhala ochepa, kudontheza m'diso kumaposa madzi akumwa, chifukwa mumadziwa kuti aliyense walandira.

Katemera wa chitopa amateteza ku chitopa chokha. Matenda a Gumboro ali ndi wake, nthomba ya nkhuku ili ndi wake, ndipo mwanapiye amene wafa ndi chisanu, nthata, njoka zam'mimba kapena kutsegula m'mimba kwa magazi sanafe chifukwa katemera walephera. Anapiye anjala kapena odzaza njoka satenganso bwino katemera, choncho gaga, madzi oyera ndi khola louma ndi mbali ya ntchito yomweyi.

Nkhuku yogula pamsika wa Lizulu, pa Chimbiya kapena pa Kampepuza, ngakhale yopatsidwa ndi achibale, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu, ndipo itemeredwe ikaoneka kuti ili bwino. Misoti ya Mikolongwe nayonso mufunse tsiku limene inalandira katemera womaliza. Zanu zikayamba kudwala musathamangire nazo kumsika kapena kuzigawa kwa abale kuti "zisawonongeke". Umo ndi mmene chitopa chimadumphira kuchoka mudzi wina kupita wina. Zakufa zikwiriridwe m'dzenje lakuya limene galu sangafukule, pamodzi ndi nthenga ndi matumbo, zitosi zisesedwe n'kutenthedwa, ndipo khola likhale lopanda nkhuku kwa mwezi wathunthu musanalowetsemo anapiye ena.