Momwe mungasankhire mixer ndi masipika a situdiyo mukamayamba kujambulira nyimbo kunyumba

Munthu akangoganiza zojambulira nyimbo kunyumba, maso amathamangira pa mixer yaikulu ya mabatani ambirimbiri, chifukwa ndi imene imakongoletsa zithunzi za masitudiyo. Ndalama zambiri zimathera pamenepo, masipika n'kudzagulidwa ndi zotsala. Ine ndimalangiza kuti muchite motembenuza. Mixer imangolandira mawu n'kuwapititsa ku kompyuta, pomwe chilichonse chimene mudzasinthe mu nyimbo chidzachokera pa zimene makutu anu amva m'masipika. Masipikawo akamakunamizani, ntchito yonse yawonongeka ngakhale mixer ikhale yodula chotani.

Choyamba: werengani maiki amene mudzagwiritsa ntchito nthawi imodzi

Tengani pepala mulembe zimene mudzajambula pa kamphindi kamodzi, osati zonse zimene zidzamveke mu nyimbo. Woimba mmodzi pa bit yopangidwa pa kompyuta ndi maiki imodzi. Woimba akuziimbira gitala ndi polowera pawiri. Anthu anayi ochita podcast ndi maiki anayi. Nyimbo ikhoza kukhala ndi mawu 30 osanjikizana koma onse atalowa mmodzimmodzi kudzera pa maiki imodzi yomweyo. Nambala imene mwapezayo onjezerani imodzi kapena ziwiri, basi. Ndiyo mudzagwiritse ntchito posankha.

Chachiwiri: onani ngati mukufunikadi mixer

Ngati nambala imene munapeza musanaonjezere ndi 1 kapena 2, n'kutheka kuti chimene mukufuna si mixer koma audio interface, kabokosi kolumikiza maiki ndi kompyuta kudzera pa USB. Zitsanzo zodziwika ndi Focusrite Scarlett Solo ndi 2i2, PreSonus AudioBox USB 96 ndi Behringer UMC202HD. Kusakaniza mawu kumachitikira mu pulogalamu, kaya ndi Reaper, FL Studio, Cubase kapena Audacity imene ndi yaulere.

Apa ndi pamene ambiri amakodwa, ndiye mvetsetsani. Ma mixer otsika mtengo okhala ndi USB, monga Behringer Xenyx Q802USB ndi Yamaha MG10XU, amatumiza ku kompyuta njira ziwiri zokha: kumanzere ndi kumanja. Mukalumikiza maiki anayi, mawu onse amasakanikirana mkati mwa mixer ndipo amafika pa kompyuta ali pamodzi. Zili ngati utoto wa mitundu inayi wothiridwa m'chitini chimodzi, simungaulekanitsenso. Mukadzazindikira mawa kuti gitala inakwera kuposa woimba, palibe chochita koma kujambulanso. Pali kanjira kothandiza mukakhala ndi zinthu ziwiri zokha: potozani batani la pan (lotumiza mawu kumanzere kapena kumanja) la woimba mpaka kumapeto kumanzere, la gitala mpaka kumapeto kumanja, ndipo pa kompyuta zifika zosiyana. Kupitirira ziwiri, kanjirako sikagwira.

Ma mixer otumiza maiki iliyonse payokha amalembedwa kuti multitrack, monga Zoom LiveTrak L-8 ndi Tascam Model 12. Awiriwa amathanso kujambulira pa khadi ya SD popanda kompyuta, koma mtengo wake ndi wokwererapo. Mixer wamba ya USB ndi yabwino ngati mudzaigwiritsanso ntchito poimba pagulu, poulutsa mawu pa intaneti, kapena ngati muli ndi makiyibodi angapo amene simukufuna kumangozula mawaya ake.

Chachitatu: zoyang'ana pa mixer kapena interface

Musakhulupirire nambala ya pa katoni. Yamaha MG10XU imatchedwa ya ma channel 10 koma malo olowetsa maiki ndi 4. Q802USB ili ndi polowera 8 koma a maiki ndi 2. Werengani mabowo a XLR, ozungulira a timaenje titatu aja, chifukwa ndi okhawo amene ali ndi preamp, kachipangizo kokweza mawu ofooka a maiki.

Kenako fufuzani batani lolembedwa 48V kapena phantom. Maiki a condenser monga Audio-Technica AT2020 sagwira ntchito popanda magetsi amenewa. Maiki a dynamic monga Shure SM58 sawafuna. Ngati mukufuna kulumikiza gitala ya magetsi kapena ya bezi mwachindunji, pakhale polowera polembedwa Hi-Z kapena Inst, apo ayi gitala imamveka yofota, yopanda kuwala.

Preamp yesani ndi makutu ngati mwapatsidwa mwayi. Lumikizani maiki ya dynamic, valani mahedifoni, lankhulani mwachizolowezi uku mukukweza gain, batani lokwezera mawu pa preamp. Mukafika kumapeto kwa batani mawu asanakwane, kapena mukamva kaphokoso ka "sssss" kakukwera limodzi ndi mawu anu, dziwani kuti kaphokosoko kadzalowa mu nyimbo zanu zonse. Maiki ena monga Shure SM7B amafuna gain ya pafupifupi 60 dB, imene zipangizo zambiri zotsika mtengo zimavutika kupereka mwaukhondo.

Reverb ndi delay (zokometsera mawu kuti azimveka ngati akubwerezabwereza) za mkati mwa mixer musazilipirire ndalama zoonjezera pa ntchito yojambula. Pulogalamu ya pa kompyuta ili nazo kale, ndipo kumeneko mutha kuzichotsa mukasintha maganizo. Chofunika kwambiri n'chakuti woimba azidzimva m'mahedifoni popanda kuchedwa. Pa interface batani lake limatchedwa direct monitor. Ogwiritsa ntchito Windows aonenso ngati kampani yopanga chipangizocho ili ndi driver yakeyake ya ASIO, kapulogalamu kochepetsa kuchedwa kwa mawu.

Chachinayi: sankhani masipika molingana ndi chipinda

Masipika omvera nyimbo pabalaza amapangidwa kuti azisangalatsa. Amanenepetsa bezi, amawalitsa mawu akuthwa. Masipika a situdiyo, otchedwa ma monitor, cholinga chake n'kutulutsa mawu momwe alili, zoipa zomwe. Mukasakaniza nyimbo pa masipika owonjezera bezi, inu mudzaichepetsa poganiza kuti yachuluka, ndipo nyimboyo ikakamveka kwina idzakhala yopepuka.

Gulani olembedwa active kapena powered, okhala ndi ampulifaya mkati. Oterewa amakupulumutsani ku ntchito yofunafuna ampulifaya yogwirizana nawo.

Pa kukula kwake, chipinda chogona wamba chimayenera masipika a mainchi 5 (muyezo wa chozungulira chachikulu chotulutsa bezi). M'gulu limeneli muli JBL 305P MkII, Yamaha HS5, KRK Rokit 5 ndi Adam Audio T5V. Kali Audio LP-6 ndi ya mainchi 6.5, yoyenera chipinda chokulirapo pang'ono. A mainchi 8 amakopa, koma m'kachipinda kakang'ono bezi yake imagunda makoma n'kubwerera, ndipo imawunjikana pena, pena n'kusoweratu. Mutu wanu ukasuntha pang'ono, zimene mukumva zasintha. Ang'onoang'ono monga PreSonus Eris E3.5 ndi abwino pa podcast ndi mavidiyo, koma bezi yakuya sakuonetsani.

Ngakhale a mainchi 5 ali ndi malire. Yamaha HS5 imatsika mpaka cha m'ma 54 Hz (nambala ya Hz ikachepa, ndiye kuti mawu ndi akuya), pomwe chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya bezi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz. Opanga nyimbo za ma 808, mawu a bezi ozama kwambiri, azitsimikiza bezi yawo pa mahedifoni abwino monga Audio-Technica ATH-M40x kapena Sony MDR-7506. Subwoofer, sipika ya bezi yokhayokha, isiyeni kaye. M'chipinda chosakonzedwa imabweretsa mavuto oposa amene imathetsa.

Tembenuzani sipika muone pomwe pali bowo lotulutsira mpweya wa bezi. JBL 305P ndi HS5 bowo lili kumbuyo, KRK Rokit ndi Kali LP-6 lili kutsogolo. Ngati tebulo lanu lagundana ndi khoma, za bowo kutsogolo n'zosavutirapo kuziika, ngakhale sipika iliyonse ikayandikira khoma bezi imakwera. N'chifukwa chake ambiri ali ndi kaswitchi kumbuyo, kolembedwa room control kapena boundary EQ, kochepetsera beziyo. Funsaninso ngati mtengo mwauonawo ndi wa sipika imodzi kapena awiri. HS5 ndi 305P nthawi zambiri zimagulitsidwa imodziimodzi, Eris E3.5 imabwera iwiri.

Chachisanu: ayeseni ndi nyimbo zimene mumazidziwa pamtima

Tengani nyimbo zitatu kapena zinayi zimene mwazimva zaka zambiri. Mvetserani motsitsa kaye, pa mlingo woti mutha kucheza ndi mnzanu osakweza mawu. Sipika iliyonse imakoma ikakwezedwa, ndiye poyerekeza awiri onetsetsani kuti akulira mofanana, apo ayi mudzasankha wofuula osati wabwino. Imvani ngati mawu a woimba akhazikika pakati, ndiponso ngati mukutha kusiyanitsa ng'oma ya kick ndi gitala ya bezi. Imitsani nyimbo muyandikire khutu: ena amalira kaphokoso ngakhale palibe chikuimba, ndipo usiku mutakhala pafupi nawo kamatopetsa.

Zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito n'zabwino ndithu mukaziyesa modekha. Pa mixer potozani batani lililonse mumve ngati likukhetekheta, ndipo lumikizani maiki m'bowo lililonse. Pa masipika onani ngati tweeter, kasipika kakang'ono kapamwamba, sikanaphwanyidwe ndi chala, ndipo imbani nyimbo ya bezi yambiri mumve ngati china chikunjenjemera mkati.

Chachisanu ndi chimodzi: mawaya ndi kaikidwe

Siyani ndalama ya mawaya awiri a balanced (osatola phokoso la magetsi) opita ku masipika, kaya XLR kapena TRS, jaki yaikulu ya mizere iwiri yakuda. Jaki ya mzere umodzi ndi ya gitala ndipo imatola phokoso la magetsi. Mukamva kung'ung'udza kosatha, yesani kulumikiza kompyuta, mixer ndi masipika pa soketi imodzi musanaganize kuti china chafa.

Masipika awiri ndi mutu wanu zipange makona atatu ofanana mbali zonse: ngati atalikirana mita imodzi, inunso mukhale mita imodzi kuchoka pa iliyonse, onse atakuyang'anani. Tweeter ikhale pa msinkhu wa makutu. Pewani pangodya ya chipinda, ndipo khoma la kumanzere ndi la kumanja litalikirane nanu mofanana. Pansi pa sipika ikani siponji yolimba kapena choimikira chake kuti tebulo lisamalire nawo. Makatoni a mazira pakhoma sathandiza pa bezi, ndipo siponji yopyapyala imangomeza mawu akuthwa. Zothandizadi ndi mapanelo okhuthala a rockwool (ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala) pa makoma a m'mbali, pomwe mawu amayamba kugunda.

Pojambula, ikani gain kuti mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB mu pulogalamu, osakhudza pofiira. Poyatsa yambani kompyuta ndi mixer, masipika pomaliza. Pozimitsa yambani masipika, chifukwa kugunda kumene mixer imatulutsa ikamayaka kapena kuzima kumatha kuwononga tweeter. Batani la 48V nalonso muziliyatsa maiki italumikizidwa kale, voliyumu ya masipika ili pansi.