Sikani ikaonetsa chotupa pa kapamba, musayambe ndi kulira

Ine ntchito yanga ndi kujambula anthu pa makina a CT. Pafupifupi sabata iliyonse gadiyani wina amandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Achimwene, inu mwaona, ndi khansa eti?" Wowerenga chithunzi ndi dokotala, osati ine. Koma zimene amayang'ana ndimazidziwa, ndipo mukazidziwa inunso mudzafunsa mafunso oyenera.

Tigwirizane kaye. Kapamba amene ndikunena si uja amatupa mwana akamadwaladwala malungo. Ndi winayo, wopanga insulini, amene amagona chopingasa kuseri kwa chifu. Ndi wotalika pafupifupi masentimita 15 ndipo ali ndi mutu, thunthu ndi mchira.

Ambiri amayambira pa ultrasound, ija amapaka zoterera pamimba. Ndi yabwino poona ndulu ndi chiwindi, koma mpweya wa m'matumbo umabisa kapamba, makamaka kumchira. Choncho pitani musanadye kwa maola 6, ndipo akakuuzani kuti sanaone kanthu pomwe maso ali achikasu, mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likuyabwa ndiponso likutha, musakhutire. Pemphani CT.

Pa CT funsani ngati ajambule mwandondomeko ya kapamba, chifukwa si CT iliyonse ya pamimba imene ingathandize. Timabaya kanula n'kulowetsa mankhwala a ayodini mumtsempha, kenako timajambula pakapita masekondi pafupifupi 40, n'kubwerezanso cha pa 70. Mudzamva kutentha thupi lonse ngati mwadzikodzera, koma simunatero ayi. Akuyezeni impso kaye, ndipo ngati mumamwa mankhwala a shuga a metformin nenani. Ndikati musapume, musapumedi, chifukwa kachotupa ka sentimita imodzi kamasowa ndi kupuma kamodzi kokha.

Masekondi amenewo ndiye pagona nkhani. Kapamba wabwinobwino amamwa mankhwalawo msanga n'kuwala. Khansa yofala kwambiri, adenocarcinoma, ndi yolimba ngati chipsera ndipo magazi amayendamo pang'ono, motero imaoneka yakuda pakati pa powala, yopanda malire ooneka bwino. Imakonda kumutu, kumene imafinya njira ya ndulu ndi njira ya madzi a kapamba. Njira ziwirizi zikatupira limodzi, dokotala amada nkhawa ngakhale chotupacho chisakuoneka. Amayang'ananso mitsempha ikuluikulu yodutsa pamenepo: ngati chotupa chaukuta mtsempha kupitirira theka, opaleshoni ya Whipple yochotsa mutu wa kapamba, imene Allen Whipple anaifotokoza mu 1935, imavuta kapena siitheka. Chotupa chowala kuposa kapamba mwiniwake kawirikawiri chimakhala cha mtundu wa neuroendocrine, ndipo zambiri mwa izi zimakula pang'onopang'ono.

Zotupa zamadzi zili ndi nkhani yakeyake, ndipo apa MRI, sikani yogwiritsa ntchito maginito, imaposa CT. Chooneka ngati chisa cha njuchi, cha timatumba tambirimbiri, nthawi zambiri ndi serous cystadenoma, yomwe pafupifupi siisanduka khansa. Thumba limodzi lalikulu kuthunthu kapena kumchira mwa mayi wa zaka za m'ma 40 limakayikitsa, chifukwa likhoza kukhala la mamina okhuthala, ndipo lotere amakonda kulichotsa. Funsani zinthu zitatu: kodi lafika masentimita 3, kodi mkati mwake muli kanyama komwa mankhwala, nanga njira yaikulu ya kapamba yakula bwanji? Ikafika mamilimita 10, si zodikiranso.

Mbiri yanu musabise. Bambo wina anabwera ndi thumba lamadzi lalikulu ngati papaya, abale atayamba kale kuitanizana kumudzi. Atafunsidwa bwino anavomera kuti miyezi iwiri m'mbuyomo anagonekedwa ndi ululu wa pamimba wolasa kumsana atamwa kachasu masiku atatu. Linali thumba lotsala kapamba akatupa, lotchedwa pseudocyst. Analipopa, bamboyo n'kubwerera kwawo akuyenda yekha. Kwathu kuno palinso TB, imene imatha kutupitsa kapamba ndi anabele omuzungulira mpaka kufanana ndi khansa, makamaka mwa amene ali ndi HIV. Ngati muli pa ma ARV kapena munamwapo mankhwala a TB, nenani musanagone pa makina.

Magazi oyeza CA 19-9, chizindikiro cha khansa chopezeka m'magazi, musawatenge ngati chigamulo. Chizindikirochi chimakwera ndi chikasu chokha popanda khansa, ndipo pali anthu ena amene thupi lawo silichipanga n'komwe ngakhale khansa ilipo. Chimene chimadula mlandu ndi kanyama kotapidwa ndi singano n'kukayezedwa kulabu. Njira yabwino ndi yolowetsa paipi ya kamera kukamwa, yokhala ndi ultrasound kunsonga, singano n'kubaya kudzera m'chifu. Siipezeka paliponse, choncho funsani msanga komwe ingachitikire.

Ngati akufuna kuika kapaipi kotsegula njira ya ndulu, pemphani kuti CT ichitike kaye, chifukwa kapaipiko kamasokoneza chithunzi. Pochoka tengani CD, osati lipoti lokha, ndipo ilembeni deti. Akadzakuitanani pakapita miyezi 6 kapena chaka, dokotala adzaika zithunzi ziwirizo pambalipambali n'kuyeza ngati thumba limene linali, tinene, la mamilimita 18 likadali 18.