Zoyenera kuchita mavuto akakuunjikirani

Mavuto akabwera ambiri nthawi imodzi, monga kuchotsedwa ntchito pamene ngongole ikudikira ndipo pakhomo pali wodwala, choyamba kusokonezeka ndi kaganizidwe. Thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mofulumira, tulo timasowa, ndipo maganizo amangozungulira pa nkhani imodzimodzi osafika pena paliponse. N'chifukwa chake si bwino kusiya ntchito, kuthetsa banja kapena kuyankha uthenga wokwiyitsa mtima uli m'mwamba. Yambani mwakhazika thupi pansi. Kokani mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka mimba ifufume, kenaka muutulutse mosafulumira, ndipo mubwereze zimenezi kwa mphindi zingapo.

Mtima ukakhala m'malo, tengani pepala ndi kulemba mavuto onse, aakulu ndi aang'ono omwe. Kenaka patulani amene mungathe kuchitapo kanthu ndi amene simungawasinthe, monga imfa ya m'bale kapena kutsekedwa kwa kampani. Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yothandizira anthu amene ali m'masautso, ndipo imodzi mwa mfundo zake n'njakuti munthu asankhe vuto limodzi lokha, makamaka losavuta kuthetsa, n'kuyamba nalo. Ambiri amathamangira vuto lalikulu kwambiri, ndipo likawakanika amagwa ulesi pa zonse.

Vuto mwasankhalo mulifotokoze mosapita m'mbali. Kunena kuti "zinthu sizikuyenda kuntchito" sikukupatsani pogwira, pamene kunena kuti "ndapatsidwa ntchito ziwiri zofunika kutha tsiku limodzi" kukusonyeza kale munthu woyenera kulankhula naye. Lembani njira zonse zimene zikubwera m'maganizo, ngakhale zooneka zopanda nzeru, chifukwa kuziweruza msanga kumatsekereza maganizo ena abwino. Mukatero sankhani imodzi kapena ziwiri zimene mungakwanitse ndi zomwe muli nazo panopa, mulembe tsiku ndi ola limene mudzachite gawo loyamba, ndipo pakatha sabata muonenso ngati zathandiza. Zikalephereka, yesani njira yotsatira pa pepala lomwelo.

Mavuto osasinthika aja amafuna zina. Uzani munthu amene mumamukhulupirira za mavutowo, ndipo musadule zochita za tsiku ndi tsiku ngakhale mtima usakufuna, poti kudzitsekera m'nyumba kumakulitsa chisoni. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, ndipo WHO imalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera olimbitsa thupi. Kuyenda ndawala kumawerengedwa. Mowa umaiwalitsa madzulo amodzi okha, komanso umasokoneza tulo, choncho m'mawa vuto limakupezani muli ofooka kuposa dzulo.

Pali malire a zimene munthu angachite payekha. Ngati chisoni, kusowa chilakolako cha chakudya kapena kusasangalala ndi zimene munkazikonda kwatenga masabata awiri kapena kuposerapo, pitani kuchipatala mukafotokoze, chifukwa matenda ovutika maganizo amachizika ndi uphungu kapena mankhwala. Maganizo ofuna kudzipha akakubwererani, musadikire masabata awiriwo: uzani munthu wapafupi tsiku lomwelo, ndipo akuperekezeni kwa dokotala.