Mphaka wokalamba akayamba kuipitsa m'nyumba

M'makomo ambiri kuno ku Chipata, kaya ku Kapata, ku Mchini kapena kumidzi ya mbali ya Msekera, mphaka timamusungira kuti azigwira makoswe m'nkhokwe ndi m'nyumba. Akadali wamphamvu palibe amene amamuganizira. Koma akafika zaka 11 kapena 12 n'kuyamba kukodza pamphasa kapena kuchita chimbudzi kuseri kwa matumba a chimanga, pamenepo ndiye anthu amati wayamba mwano. Ena amamukwapula, ena amamukanikiza mphuno pamkodzopo, ena amakamutaya kuthengo. Zonsezi sizithandiza. Mphaka amene wakhala zaka zonsezi akukumba ndi kukwirira yekha sasiya khalidweli mwadala. Kawirikawiri amakhala akudwala kapena akumva ululu, ndipo kumumenya kumangomuphunzitsa kukabisala malo ena amene simungawaone msanga.

Yambani ndi miyendo. Mphaka wa zaka 11 amafanana ndi munthu wa zaka pafupifupi 60, ndipo ambiri a msinkhu umenewu amakhala ndi nyamakazi. Vuto n'lakuti mphaka satsimphina moonekera. Inu yang'anani izi: kale ankalumphira pawindo kamodzi kokha, tsopano amaima pansi n'kumayang'ana m'mwamba, kenako n'kubwerera. Ubweya wa pamsana cha kumchira wapotana chifukwa sathanso kupindika kuti adzinyambite. Zikhadabo zatalika mpaka kumakola m'bulangete. M'miyezi ya June ndi July kukazizira zimanyanya. Mphaka wotere kuti atuluke usiku, atsike pakhonde, adutse agalu, akafike kumunda, ndi ulendo waukulu, choncho amangodzithandiza pafupi.

Mankhwala oyamba ndi beseni. Pezani beseni lapulasitiki lalikulu loti mphaka atembenukiremo bwino, ngakhale lakale long'aluka. Dulani mbali imodzi kuti polowera patsale masentimita 5 kapena 6 kuchokera pansi. Thiranimo mchenga wa kumtsinje wouma, wosefa, wokwana masentimita 4 kuya kwake. Utuchi ungagwire ntchito ngati mchenga wasowa, koma amphaka ambiri okalamba amakonda mchenga chifukwa ndi umene anauzolowera. Phulusa musaikemo, limamatirira kumapazi ndipo iye amalinyambita. Beseni liikeni pafupi ndi pamene amagona, malo opanda phokoso, kutali ndi mbale yake ya chakudya. Ngati amphaka ndi awiri, mabeseni akhale atatu, chifukwa wamng'ono amakonda kutsekereza wamkulu panjira.

Ubwino wina wa beseni ndi wakuti mumaona zimene zikutuluka, zomwe kumunda simungazione. M'mawa uliwonse musanataye mchenga, uyang'aneni. Ngati wanyowa kwambiri, mphaka akumwa madzi kosalekeza mpaka kukanyambita pampopi kapena kubafa, komanso akuwonda, ganizirani za impso kapena matenda a shuga. Matenda a impso ndi ofala kwambiri mwa amphaka okalamba. Mungathe kuyeza nokha: thirani madzi a m'botolo la 500 ml m'mbale yake m'mawa, mawa lake muone otsala. Mphaka wolemera makilogalamu 4 akamamaliza 400 ml kapena kuposa patsiku, si ludzu la October lokha ayi. Musamuchepetsere madzi poganiza kuti asiya kukodza. Impso zodwala zimataya madzi ambiri, ndipo mukamumana mumamufulumizitsa imfa. M'malo mwake ikani mbale zamadzi ziwiri kapena zitatu, chakudya chake muzichinyowetsa. Kapenta wouma ali ndi mchere wambiri, muziyamba mwamuviika n'kutaya madziwo. Ndipo nsima yokhayokha ndi msuzi si chakudya cha mphaka, thupi lake limafuna nyama kapena nsomba.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichidikira mawa. Mphaka, makamaka wamphongo, akamalowa m'beseni pafupipafupi, kunjuta nthawi yaitali, kulira, kudzinyambita kunsi, koma n'kungotulutsa timadontho tofiirira kapena osatulutsa kalikonse, njira ya mkodzo ingakhale yatsekeka. Anthu ambiri amaganiza kuti wadzimbidwa n'kumamupatsa mafuta ophikira. Mkodzo ukatsekeka mphaka amatha kufa pasanathe masiku 2 kapena 3. Musamufinye pamimba, chikhodzodzo chingaphulike. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Kudzimbidwa kwenikweni kumaoneka ndi chimbudzi chouma, cholimba ngati timiyala, ndipo nakonso kukapitirira masiku 2 kumafuna dokotala.

Apa ndiyankhule mosabisa, chifukwa amphaka ambiri amafa ndi chifundo cha eni ake. Musamupatse Panado, ngakhale theka. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado; piritsi limodzi lokha lingamuphe, nkhama zimada, nkhope imatupa, kupuma kumavuta. Brufen ndi Diclofenac nawonso amawononga impso ndi m'mimba mwake. Mankhwala ochepetsa ululu oyenera amphaka alipo, koma dokotala ndiye ayenera kupereka mlingo atadziwa mmene impso zilili. Chimodzimodzinso dipi wa ng'ombe ndi mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin, amenewa kwa mphaka ndi poizoni. Ngati mwathira mankhwala a makoswe m'nkhokwe, tolani makoswe akufa msanga, popeza mphaka wokalamba amene sathanso kuthamangitsa amoyo amadya omwewo.

Pamene waipitsa tsukanipo bwino, fungo likatsala amabwererapo. Madzi ofunda ndi sopo waufa monga Boom ndi okwanira, kenako muumitse padzuwa. Jeyes Fluid ndi Dettol zipeweni, zimamupweteka akaponda n'kunyambita mapazi. Jik musamuthire pamkodzo wosatsuka chifukwa pamatuluka mpweya wotsamwitsa. Chimbudzi chotsani tsiku lililonse, chikwirireni kutali ndi dimba la ndiwo, musambe m'manja ndi sopo. Amayi oyembekezera ntchito imeneyi aisiyire ena, chifukwa chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi tizilombo ta toxoplasma timene timavulaza mwana m'mimba.

Mphaka wina wokalamba kwambiri amangosokonezeka mutu: amalira usiku, amaiwala pamene pali beseni. Ameneyu m'gonekeni m'chipinda chimodzi ndi beseni lake, ndipo musamasunthesunthe zinthu.

Popita ku ofesi ya zaziweto ya boma kapena kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, munyamuleni m'katoni yoboola kapena m'dengu lotseka, osati m'thumba la feteleza. Akakufunsani zaka zake, tsiku limene vutoli linayamba, madzi amene akumwa ndi mtundu wa mkodzo, choncho lembani zimenezi papepala musananyamuke. Mukafunsenso ngati katemera wake wa chiwewe sanapitirire nthawi.